Pampu ya petulo ikafa: kutsitsa thanki, kukweza bodi kapena kuboola kachitseko?

Anzanga akhala akundifunsa za kachitseko kamene kali pansi pa bodi ya pikapu yanga, ndiye ndiyankhe onse pamodzi. A ma Corolla nkhaniyi siyikukukhudzani, mukangodzutsa mpando wakumbuyo chivundikiro cha pampu chilipo kale. Ovutika ndi ife a mapikapu a petulo, poti pampu ili m'kati mwa thanki, thankiyo ili kunsi kwa bodi. Ndipo pampu imaziziritsidwa ndi petulo yemweyo, choncho kuyendera timadontho kumaipsereza, pamene petulo wa m'zigubu amatseka sefa yake ndi zinyalala.

Ine ndinayamba ndi kutsitsa thanki, ndipo sindidzabwerezanso. Galimoto inandizimira pa Ginnery Corner tsiku lotsatira nditachezera pamzere wa mafuta, thanki ili pafupifupi yodzaza. Tinaikokera pa galaja ina ku Ndirande. Makaniko anati thanki yodzaza siyitsika, ayambe apopera petulo m'zigubu. Zoona ndithu, ndi yolemera. Ndinasiya galimoto n'kupita kuntchito. Madzulo ndikuliza injini, muvi wa mafuta uli pa theka. Yankho lake linali lakuti ena anatayika pothira. Theka la thanki kutayika pothira? Pansi panali pouma gwaa. Pamwamba pa izo anandiwerengera mabawuti a malamba a thanki omwe anathyoka ndi dzimbiri, ndi paipi yomwe inang'ambika potsitsa, zimene sanatchule pomwe tinkagwirizana mtengo. Ndalamazo ndinaiwala, koma petulo amene ndinamugonera panja uja amandiwawabe.

Kukweza bodi n'kwaukhondo, sudula chilichonse. Umamasula mabawuti a bodi, mawaya a nyali zakumbuyo ndi khosi lothirira mafuta, kenako amuna anayi anyamule. Koma ngati munawotcherera zitsulo zotchingira katundu ngati ine, bodiyo siyinyamulika wamba.

Ndiye ndinasankha kachitseko. Apa mundimvetse bwino: musalole munthu kuyandikira ndi grinder kapena moto wowotcherera thanki ili pamalo pake. Mpweya wa petulo umayaka ndi kamoto kamodzi, ndipo pakati pa bodi ndi thanki mpata ndi wochepa, mapaipi ndi mawaya adutsa pomwepo. Ife tinadula bowolo thanki itatsitsidwa n'kuikidwa kutali. Tinayeza kuchokera kunsi kuti tisadule chitsulo chopingasa chimene chimalimbitsa bodi. M'mbali modulamo tinapala n'kupaka penti, apo ayi mvula ya January ikanayambitsa dzimbiri. Chivundikiro ndi chitsulo chochindikala, choposa bowo ndi masentimita 3 mbali zonse, pakati pali labala wa chubu chakale, chomangidwa ndi mabawuti aafupi osafika pa thanki. A minibasi samalani kwambiri ndi labalayu, chifukwa mpata ukatsala utsi wa ekizozi ulowera kwa anthu amene mwanyamula.

Choipa chake chilipo. Wodzagula galimoto akadzaona bowolo adzanenerera mtengo, ndipo ndikanyamula mchenga ndimayamba ndayala thumba pamenepo.

Mwezi watha galimoto inayambanso kutsamwa pokwera ku Chilomoni. Ndinachotsa waya wa batire, kutsegula kachitseko, kusintha sefa pabwalo pa nyumba yanga, petulo wanga yense ali m'thanki momwemo.