Miyezi 10 ndikuphunzitsa masamu ndi foni kuno ku Joni: zimene zatsala ndi zimene ndasiya

Mu Januwale, sukulu zitangotsegulira, ndinauza aphunzitsi anzanga ochokera kumudzi, amene timakumana Lamlungu tikaweruka kutchalitchi ku Rosettenville, kuti chaka chino ndiyesa kuphunzitsa masamu mothandizidwa ndi zipangizo za pa intaneti. Ndinatchula Google Classroom, Google Forms, Siyavula ndi GeoGebra, kuphatikizapo pulogalamu ina yolipira imene mnzanga wina anaiyamikira. Ena anandilimbikitsa, ena anati pofika Isitala ndidzakhala nditabwerera ku choko. Ndinalonjeza kuti chaka chikamatha ndidzanena chilungamo. Pano tili mu Novembala, ana akulemba mayeso omaliza, ndiye nthawi ija yakwana.

Ndimaphunzitsa Giredi 8 ndi 9 pa kasukulu kena kapulaiveti kummwera kwa tauni. Ndisanabwere kuno ndinaphunzitsa zaka 7 pa CDSS ina ku Ntcheu, kumene ana anayi ankagwirizana buku limodzi. M'kalasi mwanga muno muli ana a Amalawi, a ku Zimbabwe, a ku Congo, a ku Mozambique ndi eni dziko. Loweruka m'mawa ndimakhalanso ndi ana 12 a Amalawi anzathu m'chipinda china cha patchalitchi. Giredi 9 ndiyo imandisowetsa tulo, chifukwa pamapeto pake mwana amasankha pakati pa Mathematics, masamu onse athunthu, ndi Mathematical Literacy, masamu a moyo wa tsiku ndi tsiku. Akasankha yachiwiriyi chifukwa cha mantha, makomo a udokotala ndi uinjiniya ku yunivesite amatsekeka ali ndi zaka 15 zokha.

Chimene chandithandiza kuposa zonse ndi chimene ndinkachiderera poyamba, Google Forms. Lachisanu lililonse ndimakonza mafunso 6, n'kuponya linki pa gulu la WhatsApp la kalasi. Ukaikonza ngati kwizi imachonga yokha, komanso imakuonetsa funso limene ana ambiri alakwa ndi yankho limene ambiri asankha. Zoti imachonga yokha ndi zabwino, koma phindu lenileni lili poti umaona mmene mitu ya ana ikuyendera.

Lolemba lina mu Meyi, ndili mu taxi kupita kuntchito, ndinatsegula zotsatira. Funso lina linali loti afutukule (x + 3)². Mwa ana 33 amene anayankha, 21 anasankha x² + 9. Onsewo anagwera m'dzenje limodzi. Zikanakhala za makope ngati kale, ndikanadziwa patatha sabata titadutsa kale mutuwo, ndipo ndikanangoona mitanda yofiira osazindikira kuti nthenda yake ndi imodzi. Tsiku limenelo zimene ndinakonzekera ndinaziika pambali. Ndinajambula sikweya pa bolodi, mbali iliyonse x + 3, n'kuigawa ngati munda wa ndime zinayi: ndime yaikulu ya x², kandime ka 9 pakona, ndi ndime ziwiri zazitali za 3x iliyonse. Kenako ndinaonetsa chomwecho pa pulojekita ndi GeoGebra, pulogalamu yojambulira zithunzi za masamu zimene ungazisunthe, ndikukoka x kuti akule, ana akuona ndime ziwiri zija zikutalika. Mnyamata wina wa ku Mangochi, amene sakonda kuyankhula m'kalasi, ananong'ona m'Chichewa kuti, “Aphunzitsi, ndiye kuti tinkasiya ndime ziwiri zosalima.” Mpaka lero ana a Loweruka akaiwala 6x amakumbutsana za ndime zosalima.

Kuti Forms ikuuze zoona, mayankho olakwika amene ukuikamo akhale zolakwa zenizeni za ana, zimene unaziona m'makope awo. Ukangoikamo manambala achisawawa, suphunzirapo kanthu. Kukonza mafunso 6 otere kumanditengera pafupifupi ola, ndiye amene akuganiza kuti zipangizozi zimachepetsa ntchito asadzinamize. Ntchito imangosamuka, kuchoka pa kuchonga kupita pa kukonzekera. China: ukatchera kuti munthu ayankhe kamodzi kokha, imafuna kuti alowe ndi akaunti ya Google. Ine ndinazichotsa zimenezo, amangolemba dzina. Wina akayankha kawiri, ndimasangalala kuti wabwereza.

Siyavula ndi yachiwiri, ndipo kwa makolo ndi imene ndimayamba kuitchula. Ndi ya konkuno ku South Africa, dzina lake m'zinenero za Chinguni likutanthauza kuti tikutsegula, ndipo mabuku ake a masamu ndi sayansi amatsatira CAPS, silabasi imene sukulu za kuno zimagwiritsa ntchito. Mabukuwo ndi aulere kuwerenga ndi kutsitsa. Pa gawo loyeserera, funso lomwelo limabwera ndi manambala ena nthawi iliyonse, ndipo ukayankha limakuonetsa njira yonse sitepe ndi sitepe. Ana awiri okhala benchi imodzi sangakoperane yankho. Chachikulu kwa ife n'chakuti pa netiweki zina zikuluzikulu za kuno tsamba lake silidya data. Koma apa ndinapunthwa kaye: data ya pafoni iyenera kukhala yoyatsa, ndipo ikangoyatsidwa, Facebook, TikTok ndi zina zimayamba kudya chamseri. Bambo wina anandiimbira atakwiya kuti ndinawanamiza zoti n'zaulere. Loweruka lotsatira ndinakhala pansi ndi makolo asanu, foni iliyonse payokha, kuzimitsa mapulogalamu amene amadya data munthu asakuwagwiritsa ntchito. Dandaulo limenelo silinabwerenso.

Nkhani ya foni pakhomo ndi imene inasintha kaphunzitsidwe kanga konse, ndipo poyamba sindinaiganizire ngakhale pang'ono.

Teremu yoyamba ndinkaika malire akuti homuweki ifike 8 koloko madzulo. Mtsikana wina wanzeru kwambiri wa Giredi 9 ankangochedwa tsiku lililonse, ndipo ndinayamba kumuona ngati wamphwayi. Usiku wina mu Malichi ndinalandira uthenga wa mawu wochokera kwa mayi ake, akuyankhula motsitsa, kumbuyo kukumveka mbale. Anati, “Aphunzitsi, pepani kukusokonezani usiku. Foni pakhomo pano ndi imodzi, ndi yangayi. Ine ndimagwira ntchito ya m'nyumba ku Fourways, ndimakwera ma taxi awiri, pofika kuno ndi cha m'ma 7 kapena 8, batire itatha. Tikapeza magetsi athima ndiye basi. Mwanayu amalemba zonse m'kope n'kumadikira ine. Musamuone ngati wamwano.” Ndinaumvera kawiri uthengawo nditakhala pabedi. Kutacha ndinafunsa kalasi lonse, aliyense alembe pa kapepala mopanda dzina kuti foni amaigwira nthawi yanji. Oposa theka analemba kuti usiku, makolo akabwera, kapena Lamlungu.

Kuyambira pamenepo ntchito ya Lachisanu imatseka Lolemba m'mawa. Vidiyo sindikakamiza aliyense, chifukwa vidiyo imodzi ikhoza kumaliza bandulo imene mayi amafuna kuyankhulira ndi abale kumudzi. Chilichonse chofunika chimakhala cholembedwa kapena chithunzi chimodzi, chimene mwana angakopere m'kope pa mphindi zisanu n'kubweza foni. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno. Kuno ku Gauteng, mu 2015, a Panyaza Lesufi ali oyang'anira maphunziro m'chigawochi anayambitsa makalasi opanda mapepala m'sukulu zina za boma, ana akulandira matabuleti, makalasi akuikidwa mabolodi amagetsi. Ana anga alibe zimenezo. Ali ndi foni ya mayi, galasi lake losweka pakona, ndipo chida chilichonse ndimachiyeza ndi foni imeneyo.

Ndi muyezo umenewu Google Classroom yatsala ngati nkhokwe basi. Kusukulu tili ndi maakaunti a sukulu, ndiye ndimasungamo manotsi, mapepala a mayeso akale ndi malikisi, zonse m'mitu yake, ndipo mwana amene anajomba amapeza zimene anaphonya. Pa ntchito imeneyi ndi yaudongo kwambiri. Koma kwa ana a Loweruka ndinaisiya mu Epulo. Ena sanakwane zaka 13, ndiye akaunti yawo imafuna kuti kholo liitsegule ndi kuiyang'anira, ndipo pafoni yobwerekana mwana amayenera kulowa ndi kutuluka, pasiwedi n'kuiwalika. Malipoti a makolo amapita pa imelo, pamene makolo athu ambiri amakhala pa WhatsApp. Chidacho chinapangidwira mwana amene ali ndi kompyuta yake, ndipo kumeneko chimagwira ntchito bwino.

Pulogalamu yolipira ija ndinaisiya patatha miyezi iwiri. Inali ya mavidiyo okhaokha, mitu yake sinkagwirizana ndi ndondomeko ya CAPS, ndipo ndalama inkachoka m'thumba mwanga. Khan Academy ndimaitsegula ndekha usiku ndikafuna kuona njira ina yofotokozera mutu. Kahoot, mpikisano wa mafunso wa pa intaneti, timasewera kamodzi pa teremu, m'magulu a ana anayi pa foni imodzi, pobwereza mayeso asanafike.

Pali chinthu chimene chimandipweteka mtima, ndipo aphunzitsi anzanga muchidziwe msanga. Mu teremu yachiwiri mnyamata wina ankakhoza zonse pa intaneti, koma pa mayeso a pakati pa chaka anapeza malikisi osafika ndi theka lomwe. Nditamuitana patokha anaulula kuti amajambula funso ndi pulogalamu imene imapereka yankho pompopompo, nthawi zina amafunsa ChatGPT. Sanali mwana woipa. Ankaopa bambo ake, amene amagwira ntchito ya ulonda usiku kuti alipire fizi, ndipo ankafuna kuwaonetsa 100. Kukalipa sikukanathandiza. Ndinasiya kuwerengera malikisi a pa intaneti pa lipoti, ndinawauza ana momveka kuti kwizi ya Lachisanu ndi yoti ine ndidziwe pamene akudwala, ndiye wonama akunamiza dokotala wake. Tsopano pa mafunso 6 aja limodzi amalemba njira yonse m'kope n'kubwera nalo Lolemba. Malikisi a pa Forms anatsika, koma anayamba kufanana ndi a papepala, ndipo mnyamata uja mu Seputembala anadutsa theka ndi mutu wake.

Za zithunzi ndi mayina a ana samalani. Lamulo la kuno loteteza zinsinsi za anthu la POPIA, limene linayamba kugwira ntchito mokwanira pa 1 Julayi 2021, limafuna chilolezo cha kholo usanasunge kapena kugawa zokhudza mwana. Ine malikisi sindiika pa gulu, ndimatumiza kwa kholo lililonse palokha, ndipo gulu ndinalitchera kuti olembapo ndikhale ine ndekha pakati pa sabata. Popanda kutero limadzaza ndi mauthenga a maliro, malonda a nsomba zouma ndi mapemphero, linki ya masamu n'kumira.

Chimene sindinachikonzekere koma chakula chokha ndi mauthenga a mawu a m'Chichewa. Ana amene angofika kumene kuchokera kumudzi masamu amawadziwa, chimawagwetsa ndi Chingerezi cha mafunso. Obadwira kuno amathamanga ndi Chizulu, Chisotho ndi Chingerezi, Chichewa chawo ndi cha kukhitchini. Loweruka madzulo ndimajambula mawu a mphindi ziwiri kufotokoza mutu wa sabata m'Chichewa, mawu a masamu ndikuwasiya m'Chingerezi mmene adzawapezere pa mayeso. Zotsatira zake zinandidabwitsa: makolo ndi amene amamvera kwambiri. Agogo ena amene anasiyira sukulu Sitandade 6 anandiuza kuti aka n'koyamba kumva chimene mdzukulu wawo amaphunzira, ndipo tsopano amamufunsa kuti afotokoze. Kumudzi bungwe la onebillion linapanga mapulogalamu ophunzitsa kuwerenga ndi masamu m'Chichewa pa matabuleti a ana a makalasi oyambirira. Ndimalakalaka wina atapanga zotere za ana a sekondale, chifukwa ndaona ndi maso anga mmene nkhope ya mwana imamasukira akamva algebra m'chinenero cha mayi ake.

Chaka chamawa ndipitiriza ndi Forms, Siyavula, GeoGebra ndi mauthenga a mawu, Classroom ikhale nkhokwe ya kusukulu. Sabata yoyamba ndidzayamba ndi kapepala kaja kofunsa za foni pakhomo, ndisanapereke linki iliyonse.

Mtsikana uja wa mayi a ku Fourways wasankha Mathematics, mayi ake anasaina fomu sabata yatha. Mu Disembala mtsikanayo akukwera basi kupita ku Ntcheu kukaona agogo, ndipo kumeneko Siyavula idzadya data ngati tsamba lina lililonse. Loweruka lapitali mayiwo anabwera ndi foni yawo patchalitchi, tinalumikiza ku Wi-Fi ya muofesi ya abusa, n'kutsitsa buku lonse la masamu la Giredi 10. Malo anali ochepa, ndiye anafufuta okha mavidiyo a ukwati wa mchemwali wawo kuti bukulo likwane.