Story map kapena BPMN: gulu lanu la agile lijambule chiti?

Pa gulu la agile (lolemba mapulogalamu a kompyuta m'magawo afupiafupi), ma user story (nkhani zazifupi zofotokoza zimene wogwiritsa ntchito akufuna) akachuluka mu backlog (mndandanda wa ntchito zodikira kugwiridwa), aliyense amangoona kachidutswa kake, pulogalamu yonse osaiona. Pali njira ziwiri zowasandutsira chithunzi.

Yoyamba ndi story map, yomwe anaitchukitsa ndi Jeff Patton. Pamwamba mumandandalika zochita za wogwiritsa ntchito kuchokera kumanzere kupita kumanja, ndipo pansi pa chilichonse mumamata timapepala ta nkhani, zofunika kwambiri zikhale kumtunda. Yachiwiri ndi BPMN (Business Process Model and Notation) ya bungwe loika miyezo la OMG (Object Management Group), yomwe mtundu wake wa 2.0 unatuluka mu 2011. Iyi imajambula kayendedwe ka ntchito: yayambira pati, akuigwira ndani, yapatukira pati.

Mtengo: story map ndi khoma, timapepala tomata ndi cholembera basi. BPMN mungaijambule mwaulere pa pulogalamu yojambulira ya draw.io, koma kuphunzira zizindikiro zake kumadya nthawi.

Kuphweka: story map ngakhale kasitomala amaimva tsiku lomwelo. BPMN imafuna womutsogolera.

Kukhalitsa: timapepala timayoyoka, choncho jambulani khomalo pafoni kapena gwiritsani ntchito Miro, bolodi la pa intaneti. Chithunzi cha BPMN chimasungika, koma chikapanda kukonzedwa sprint (nthawi yaifupi yomalizira gawo la ntchito) ikatha, chimayamba kunama.

Zotsatira: apa mpomwe ndimaikonda BPMN. Taganizani nkhani yolipira pafoni. Munthu akalakwitsa nambala yachinsinsi, kapena netiweki ikaduka ndalama zitachotsedwa kale, chichitike n'chiyani? Story map mafunso amenewa imawadumpha. Iyo imakuuzani choyamba kutulutsa.

Gulu laling'ono lomwe likuyamba chinthu chatsopano liyambe ndi story map. Amene akulemba pulogalamu ya banki kapena inshuwalansi, komwe ntchito imadutsa m'manja ambiri, atenge BPMN.