Dziwe la madzi a m'nyanja ndi masaji zinali zabwino, koma pakeji yonse sindingaigulenso

Pakeji ya pahotela imene ndinakapumako ndaipatsa nyenyezi zitatu mwa zisanu. Akanakhala kuti anandigulitsa dziwe la madzi a m'nyanja ndi masaji zokha, ndikanapereka zisanu mosanyinyirika. Ziwiri zagwazo zagwa chifukwa cha zina zimene anaunjika mu pakeji, komanso chifukwa cha mphwayi pa nkhani ya thanzi la alendo, pamalo amene amati amagulitsa thanzi lomwelo.

Hotelayi ili pagombe la nyanja yamchere, ndipo spa yake, malo osamalira thupi, ili m'nyumba yapayokha yoyang'ana kumadzi. Ine ndinapitako chifukwa cha mapewa ndi msana wam'munsi. Ntchito yanga ndi yokhala pakompyuta kuyambira m'mawa mpaka madzulo, ndipo zinafika poti kutembenuza khosi kunkafuna kuti nditembenuke thupi lonse. Pakejiyo inali ndi chipinda chogona, kulowa m'dziwe tsiku lililonse, masaji, kukhula thupi ndi mchere, kukulungidwa m'ndere za m'nyanja, sauna (chipinda chotentha kwambiri chotulutsa thukuta), chipinda cha nthunzi, ndiponso tiyi amene ankati amachotsa poizoni m'thupi.

Ndiyambe ndi dziwelo, chifukwa ndi limene lingandibwezere kumeneko. Madzi ake amawapopa kuchokera m'nyanja, amawasefa, kenako amawatenthetsa mpaka madigiri 33 kapena 34. Amakhala ofunda bwino moti sunjenjemera polowa, komanso sakulefula ngakhale ukhalemo nthawi yaitali. Lita imodzi ya madzi a m'nyanja imakhala ndi mchere pafupifupi magalamu 35, motero amakunyamula kuposa madzi a pampopi. Ukalowa mpaka m'khosi, miyendo imangosenza pafupifupi gawo limodzi mwa magawo khumi a kulemera kwako. Zimenezi ndinazimva m'thupi mwanga. Kutambasula mwendo kumene pamtunda kumandipangitsa kuluma mano, m'madzimo ndinkachita ndikucheza ndi amene ali pafupi nane. M'mbali mwa dziwelo muli timipope totulutsa madzi mwamphamvu, tina pa msinkhu wa akakolo, tina pa chiuno, tina pa mapewa, ndipo umasuntha kuchoka pa kena kupita pa kena. Ka pamapewa kankakhala ndi mzere tsiku lililonse. M'mawa kunkabwera bambo wina wophunzitsa masewera olimbitsa thupi a m'madzi, munthu wodekha, amene ankayamba wafunsa aliyense ngati ali ndi bondo kapena phewa lovuta asanayambe. Mwa anthu onse ogwira ntchito pamalopo, iwo ndi amene ankaoneka kuti anaphunziradi za thupi la munthu.

Chithandizo cha madzi a m'nyanja si chachilendo ayi. Ku England, dokotala wina dzina lake Richard Russell analemba za icho mu 1750, ndipo odwala ake ku Brighton ankawasambitsa m'nyanja n'kuwamwetsanso madzi amcherewo. Mwamwayi zomwetsazo zinatha. Ku France, dokotala Louis Bagot anatsegula malo otenthetsa madzi a m'nyanja pothandiza odwala nyamakazi ku Roscoff mu 1899. Katswiri wopalasa njinga Louison Bobet, amene anapambana mpikisano wa Tour de France zaka zitatu zotsatizana kuyambira 1953 mpaka 1955, atavulala pa ngozi ya galimoto anakathandizidwa ndi madzi omwewa, ndipo mu 1964 anatsegula malo ake ku Quiberon. Chimene ndikufuna muone n'chakuti anthu amenewa ankathandiza odwala ndi ovulala. Za kuchepetsa thupi ndi kuchotsa poizoni zinabwera pambuyo, mahotela atazindikira kuti pali ndalama. M'kabuku kamene anatipatsa munalembedwa kuti michere ya m'nyanja imalowa pakhungu n'kukonza magazi. Ine sindikufunika kukhulupirira zimenezo kuti ndiyamikire dziwelo. Kufunda kwa madzi ndi kupepuka kwa thupi n'zokwanira kufotokoza chifukwa chimene msana wanga unamasukira.

Masaji nawo anali abwino kwambiri. Polembetsa anandifunsa ngati ndikufuna wamkazi kapena wamwamuna, ndipo zimenezo ndinazikonda chifukwa sindinachite kupempha ndekha. Mayi amene anandithandiza sanathamangire mafuta. Anandikhazika pansi kaye.

"Mayi, pakupweteka ndi pati kwenikweni? Mundiloze ndi chala."

Nditaloza phewa lakumanja, anagwira kuseri kwa khosi n'kufunsa ngati ululuwo umatsika mpaka m'zala. Ndinati ayi. "Chabwino, ndiye tigwirapo. Ukanakhala kuti umatsika ndi dzanzi, ndikanakuuzani kuti muyambe mwaonana ndi dokotala." Mawu amenewo anandikhazika mtima pansi kuposa nyimbo zonse zimene ankaliza m'chipindamo. Thupi lonse linali lofundidwa ndi thaulo, ankavundukula pokhapo pamene akugwirapo ntchito, ndipo nthawi ndi nthawi ankafunsa ngati mphamvu ya manja yachuluka. Tsiku lotsatira minofu inali yowawa pang'ono ngati ndasenza katundu, koma litadutsa limenelo ndinatha kuyang'ana kumbuyo popanda kutembenuza chiuno. Chodandaula changa n'chimodzi: ola limene analemba pa pakeji linkaphatikiza kuvula, kucheza ndi kuvala. Manja anali pathupi mphindi pafupifupi 50. Mufunse zimenezi musanalipire.

Tsopano zondikwiyitsa. Pofika anatipatsa fomu yofunsa za matenda: kuthamanga kwa magazi, mtima, shuga, chithokomiro, ngati uli woyembekezera, mankhwala amene ukumwa. Mafunso oyenera ndithu. Ndinalemba mosamala, mtsikana wa pakauntala analandira akumwetulira, n'kuiika pamulu wa mafomu ena osaiyang'ana n'komwe. Palibe anabweranso kudzandifunsa chilichonse. Koma sauna imatentha pakati pa madigiri 80 ndi 100. Kutentha kumeneko kumatsegula mitsempha ya magazi, ndipo munthu amene akumwa mankhwala otsitsa BP akhoza kuchita chizungulire akadzuka mwadzidzidzi pabenchi. Amayi oyembekezera amalangizidwa kupewa sauna ndi mabafa otentha kwambiri. Ndere za m'nyanja zili ndi ayodini wambiri, n'chifukwa chake malo osamala amayamba afunsa za chithokomiro asanakupake. Pakhomo pa sauna panalibe ngakhale chikwangwani chouza anthu kuti asapitirire mphindi 15, kapena kuti asalowe atamwa mowa. Ndipo bala ili pafupi pomwepo, anthu ankachoka kumeneko ndi tambula m'manja kulunjika ku sauna. Ngati muli ndi matenda ena alionse, funsani dokotala wanu musananyamuke kwanu, chifukwa kumeneko fomu ndi mwambo chabe.

Chipinda cha nthunzi chinali bwino, chaukhondo, kutentha kwake kwa madigiri 40 ndi kanthu, ndipo ine ndinachikonda kuposa sauna. Jakuzi ya panja, bafa la madzi ofunda otumphuka thovu, ndiye sindinalowemo. Madzi ake anali ambuu, m'mbali muli thovu lamafuta. Madzi ofunda otumphuka thovu akapanda kusamalidwa amasunga tizilombo totchedwa Legionella, timene timaswana bwino pa kutentha kwa pakati pa madigiri 25 ndi 45, ndipo timalowa m'mapapo munthu akapuma timadontho ta madziwo. Matenda ake ndi chibayo choopsa, chimene chinadziwika mu 1976 anthu ambiri atadwala pa hotela ina ku Philadelphia, ku America. Sindikunena kuti m'jakuzi imeneyo munali tizilomboti. Ndikunena kuti nditapempha kuona buku limene amalembamo akayeza madzi, munthu woyamba anandituma kwa wachiwiri, wachiwiri anati amene amasunga bukulo ali pa ofu. Chodabwitsa n'chakuti pa dziwe lalikulu lija pepala la zoyeza linali lopachikidwa pakhoma, losainidwa m'mawa ndi masana. Nyumba imodzi, chisamaliro chosiyana.

Za kukulungidwa m'ndere sindichulutsa. Amakupaka phala lobiriwira lonunkha ngati gombe madzi akaphwa, amakukulunga m'pepala la pulasitiki ndi bulangete lotenthetsa, n'kukusiya uli ndwii ngati chimanga chophikidwa ndi makoko ake. Mphuno ikayabwa palibe chochita. Ukasamba khungu limasalala, ndipo kusalalako kumakhala mpaka mawa lake. Ndizo zonse. Atandimasula anandikweza pasikelo kuti ndione kuti ndatsika pang'ono. Amene anatsikayo ndi madzi a thukuta, ndipo anabwerera nditangomwa botolo limodzi. Thukuta ndi madzi ndi mchere pang'ono. Ntchito yochotsa zoipa m'magazi ndi ya chiwindi ndi impso, ndipo zimaigwira usana ndi usiku popanda pakeji. Tiyi uja nayenso anali tiyi wamasamba wokoma bwino, koma nditawerenga pa paketi ndinapeza kuti muli senna, masamba otsegula m'mimba. Palibe amene anatiuza. Ndiye ngati poizoni wake ndi ameneyo, inde, anatuluka.

Kukhula thupi ndi mchere kunali kosangalatsa pa nthawi yake, koma amene anakonza ndondomeko sanaganize. Anakuika chakumasana dzuwa lisanafike paliwombo, ndipo pambuyo pake pandandanda panalembedwa kuti nthawi yopuma kugombe. Khungu longokhulidwa kumene limapsa msanga ndi dzuwa, ndipo madzi amchere amaluma pamene pakwecheka. Tisanamizane kuti khungu lakuda silipsa. Limapsa, kungoti silionetsa kufiira msanga. Pemphani kuti akuikireni madzulo, ndipo mafuta oteteza ku dzuwa a SPF 30 kapena kuposerapo mubwere nawo nokha.

China chimene chinanditopetsa ndi malonda. Chithandizo chilichonse chikatha, uli chigonere maso ali tulo, munthu amabwera ndi thireyi ya timabotolo n'kuyamba kukuuza kuti khungu lako ndi louma, kuti popanda kirimu uyu zonse zimene wachitazi zipita pachabe. Atsikanawo sindikuwaimba mlandu, zikuoneka kuti amatumidwa. Koma munthu amene wabwera kudzapuma sayenera kumakana malonda atavala gawoni.

Chipinda chogona chinali chaukhondo, matiresi abwino, mathaulo ankasintha osachita kukumbutsidwa. Phokoso ndi limene mungalikonzekere. Ndinapita nyengo ya tchuthi, ndipo dziwe la ana ndi zokuzira mawu za pabala zinali kuseri kwa khoma la chipinda chopumuliramo cha spa. Bata lenileni ndinkalipeza m'mamawa kugombe, ndikuyenda wopanda nsapato pamchenga wonyowa anthu asanadzuke, ndipo zimenezo sizinali pa bilu. Amene mungathe kusankha nthawi, pitani sukulu zitatsegulira.

Malowa ndi oyenera munthu wa msana, mawondo kapena mapewa olimba amene akufuna madzi ofunda ndi manja odziwa ntchito. Amene akufuna kuchepa thupi kapena kuchira matenda enieni asawononge ndalama zake. Musanalipire, imbani foni mufunse ngati madzi a m'dziwe ndi a m'nyanja enieni kapena ndi a pampopi othira mchere, chifukwa mahotela ena amachita zimenezo n'kulemba dzina lomwelo. Mufunsenso ngati pali namwino kapena dokotala amene amawerenga fomu ija.

Tsiku lonyamuka ndinafunsa pakauntala ngati munthu angagule kulowa m'dziwe ndi masaji zokha, popanda ndere ndi tiyi. Mtsikana uja anayang'ana uku ndi uku, kenako anatsegula dirowa n'kutulutsa pepala la mitengo ya chithandizo chimodzichimodzi. Lilipo, ndipo ngakhale munthu wogona ku hotela ina akhoza kugula. Pa intaneti sanaliike, ndipo pakauntala saliika poyera. Muchite kulipempha.