Mankhwala atsopano kapena kuteteza amene tili nawo?

Azithromycin, mankhwala olimbana ndi mabakiteriya, mbale wake wa erythromycin wa 1952, wayamba kulephera pa matenda ena. Mabakiteriya ena amasintha malo amene mankhwalawa amagwira, ena amangowapopera kunja.

Njira imodzi ndi kupanga atsopano. Ndi yofunika ndithu, koma imatenga zaka ndiponso imadya ndalama. Telithromycin, mmodzi mwa mankhwala atsopano a banja lomweli, analoledwa ku America mu 2004, pofika 2007 anamuchepetsera ntchito odwala ena atawonongeka chiwindi. Solithromycin, winanso watsopano, sanaloledwe mu 2016 chifukwa cha nkhawa yomweyo.

Njira inayo ili m'manja mwathu muno mu Lusaka: kuleka kugula mapilisi m'makomboni popanda kalata ya dokotala, kuleka kumwera azithromycin chimfine, chomwe chimabwera ndi mavairasi osati mabakiteriya. Ine ndikuyambira pamenepa, chifukwa mwana wa ku Kanyama wodwala chibayo akufunika mankhwala ogwira lero.