Zithunzi za ku Mauritius ndi zoona, bodza lili pa ndalama

Abale anga a ku Zomba, makamaka inu achinyamata a ku Chinamwali, Matawale ndi Songani amene mumandilembera pa WhatsApp kuti ndikupezereni njira yofikira kuno ku Mauritius, ndati ndikuyankheni nonse pakamodzi. Aliyense amayamba ndi funso lomwelo: "Achimwene, kodi malo aja ali pa zithunzi ndi enieni?" Eya, ndi enieni. Madzi a m'nyanja ndi oyera moti nsomba umaziona ukuyenda m'mphepete, ndipo mchenga wake ndi mbee. Pamenepo ajenti otumiza anthu kudzagwira ntchito kuno sakunamizani.

Ajenti amene ananditumiza ine anatenga K2,600,000, nati m'menemo muli zonse: tikiti, pepala lololeza kugwira ntchito, pogona ndi chakudya. Anawonjezanso kuti Lamulungu lililonse kampani imanyamula antchito pa basi kukawaonetsa dziko. Amayi anga anagulitsa mpunga wa chaka chonse ndi ng'ombe kuti ndalamayo ikwane. Malipiro otsikitsitsa kuno boma linawakweza kufika Rs 16,500 pa mwezi (Rs ndi marupi, ndalama za kuno) mu Januwale 2024, ndipo ndi omwewo anandilembera pa kontrakiti ya ku fakitale yosoka zovala. Koma pa pepala loyamba la malipiro ndinapeza achotsa Rs 3,200 ya hositelo ndi chakudya, Rs 800 ya galimoto yopitira ku ntchito, ndi Rs 2,500 ya tikiti, ati azidula mwezi ndi mwezi mpaka ngongole ithe. Tikiti yomwe amayi analipira kale! Nditaimbira ajenti uja, nambala inali itasiya kugwira. Basi ya Lamulungu ija mpaka lero sindinaione, ndipo anzanga ochokera ku Bangladesh ndi ku Madagascar amene ndimagona nawo chipinda chimodzi akuti nawonso anauzidwa nthano yomweyo kwawo.

Choncho malo okongolawo ndinayamba kuwafuna ndekha, pa tsiku lopuma, ndi kandalama kotsala.

Chilumba chaching'ono cha Île aux Cerfs, chimene chimakhala pa zithunzi za ajenti aliyense, mumachifikira pa boti kuchokera ku Trou d'Eau Douce, kum'mawa. Bambo wina pa gombe anatiuza kuti Rs 1,000 munthu mmodzi, kuphatikizapo kukaona mathithi a mtsinje wa Grand River South East ndi nyama yowotcha masana. Boti litafika pakati pa madzi nkhani inatembenuka: mathithi ndi Rs 800 yapadera, chakudya Rs 600, chakumwa chilichonse mtengo wakewake. Ukana bwanji uli pamadzi, wobwerera naye ndi yemweyo? Tsiku limodzi linadya ndalama imene ndikanatumiza kumudzi ya feteleza. Kukongola kulipo ndithu, koma mtima sunali pamenepo.

Munthu woona mtima ndinamupeza ku Mahébourg, tauni ya pafupi ndi bwalo la ndege. Amayi achikulire ndithu, ali ndi katebulo kogulitsira maulendo. Atamva kuti ndimasoka zovala ku fakitale, anatseka buku lawo la mitengo, natenga kapepala n'kundilembera malo osalipiritsa ndi basi yokafikako. Anandiuza kuti magombe a anthu onse ngati Flic en Flac, Belle Mare ndi Mont Choisy salipiritsa, ndipo wina asandithamangitse poti ndine wobwera. Anandilangiza kuti kumene kuli mitengo iwiri, wa okhala m'dziko ndi wa alendo, ndizionetsa pepala langa la ntchito n'kufunsa ndisanapereke ndalama. Anandichenjezanso kuti mabasi a kumidzi amaweruka dzuwa likangolowa, ukachedwa ndiye kuti wagwa m'manja mwa a taxi. Sanalandire ngakhale rupi imodzi kwa ine.

Ndi kapepala kameneko ndinaona Trou aux Cerfs ku Curepipe, dzenje lalikulu la phiri lomwe kale linkaphulika moto, lero ladzaza mitengo. Ndinafika ku Grand Bassin, nyanja yopatulika ya Ahindu, kumene kuli fano la Shiva lotalika mamita 33. Ndinayenda m'nkhalango ya Black River Gorges. Ku Chamarel kokha ndinalipira pakhomo, kukaona dothi la mitundu isanu ndi iwiri ndi mathithi otalika pafupifupi mamita 100. Dothilo ndi lodabwitsadi, lofiira, lofiirira, lina ngati lapepo, koma malo ake ndi aang'ono ndipo anawatchinga, umangoyang'ana uli kunja kwa mpanda. Za mapiri ndisakunamizeni: lalitali kwambiri kuno ndi mamita 828 basi, pamene phiri lathu la Zomba limapitirira mamita 2,000. Inu amene mukulota mapiri a kunja, mwakwerapo kangati kukafika ku Williams Falls kapena ku Emperor's View, pakhomo panu pomwepo?

Malo awiri ndi amene sandichoka m'mutu. Le Morne ndi phiri la thanthwe, mamita 556, loima m'mphepete mwa nyanja kummwera chakumadzulo. Kumeneko kunkabisala akapolo othawa, ndipo ambiri mwa akapolo a pachilumba chino anatengedwa ku Madagascar ndi ku Mozambique, kwa anansi athu enieni. Ukapolo unathetsedwa kuno pa 1 Febuluwale 1835, ndipo tsikuli ndi tchuthi mpaka pano. M'munsi mwa phirilo lero mwadzaza mahotela amene usiku umodzi umaposa malipiro anga a mwezi.

Ena ndi Aapravasi Ghat, pa doko la Port Louis. Pamene ukapolo unkatha, eni minda ya nzimbe anayamba kuitanitsa antchito a kontrakiti, ambiri ochokera ku India, ndipo pakati pa 1834 ndi 1920 anafika pafupifupi theka la miliyoni. Pali masitepe amiyala ochokera m'madzi pamene anthuwo ankakwera akatsika m'chombo, atanyamula kamtolo ndi pepala lomwe ambiri sankatha kuliwerenga. Ndinaima pamenepo pepala langa la malipiro lili m'thumba, misozi inalengeza.

Tsopano mverani. Kulowa kuno ngati mlendo wodzaona dziko sikukupatsani ufulu wogwira ntchito, ndiye ajenti akakuuzani kuti "ingopitani, mapepala tikakonzera komweko," thawani. Chilolezo amafunsira ndi wolemba ntchito, ndipo chimakumangirirani kwa iyeyo. Mukakangana naye simungangosamukira kwina ngati mmene mumasinthira ganyu ku Zomba. Kontrakiti isonyeze chilichonse chomwe adzadule, ndi manambala ake, osati mawu a pakamwa. Ndalama iliyonse mukapereka, landirani lisiti lokhala ndi dzina ndi chidindo. Pasipoti sungani nokha. Ndipo lekani kukakamiza makolo kugulitsa dimba chifukwa mwaona mnzanu atajambulitsa pa mchenga; chithunzi chimenecho anajambula Lamulungu masana, Lolemba m'mawa anali pa makina ngati ine.

Amene mwapatsidwa kale kontrakiti, ijambuleni masamba onse munditumizire musanasaine. Ndiiwerenga usiku ndikaweruka.