Sitolo ya pa Nchalo imene ndimagulako mankhwala a mphumu

Mwana wanga wamkazi, yemwe ali mu Sitandade 6, anayamba kudwala mphumu ali wamng'ono, ndipo kwa zaka ziwiri tsopano ndakhala ndikumugulira mankhwala pa sitolo ina ya pa Nchalo, m'mbali mwa msewu wa M1. Kuno ku Chigwa cha Shire matendawa sasowa chowautsa, chifukwa kukapanda fumbi la mu Okutobala ndiye kuli utsi wa nkhuni kukhitchini, kapena phulusa la nzimbe limene limagwa ngati mvula m'nyengo yodula.

Ndinafika pa sitoloyi tsiku limene kuchipatala anandiuza kuti inhela, kachipangizo kopoperera mankhwala m'kamwa, yatha, n'kundipatsa mapiritsi a salbutamol. Mapiritsiwo amathandiza ndithu, koma amachedwa kugwira ntchito, ndipo mwanayo akamwa amanjenjemera manja, mtima n'kumagunda ngati wathamanga. Inhela yabuluu ija, imene ambiri timangoitchula kuti Ventolin, imakhala ndi mankhwala omwewo, koma poti amapita molunjika m'mapapo, kubanika kumayamba kutsika pakangopita mphindi zochepa. Pa sitoloyi sindinaisowepo, ndipo amaisunga m'kabati ya mkati kumene dzuwa silifika. Zimenezi sizochepa kuno, poti mankhwalawa safuna kutentha kopitirira madigiri 30, pamene ifeyo 40 timamuona chaka ndi chaka.

Chimene chinandikopa kwenikweni ndi mayi amene amagulitsa pamenepo. Sanangolandira ndalama, koma anafunsa kuti, "Kodi mwanayu amapopera bwanji, bambo?" Atamuona akupopera, anaseka pang'ono n'kunena kuti mankhwala ambiri akuthera pa lilime. Anatenga botolo lapulasitiki la theka la lita, n'kuboola kumunsi kwake polowetsa inhela, kenako anamuphunzitsa kuigwedeza, kupopera kamodzi, ndi kupuma pang'onopang'ono kudzera kukamwa kwa botololo. Anandilangizanso kulemba tsiku loyamba kuigwiritsa ntchito, chifukwa muli mapopedwe 200 okha, ndipo ikatha imapitiriza kulira ngati muli kanthu. Kwa zaka zonsezi palibe amene anandiuzapo zimenezi.

Dandaulo langa lili pa inhela inayo, yabulauni, ya beclomethasone. Yabuluu imangotsegula njira za mpweya pamene zafinyika, koma yabulauni ndi imene imachepetsa kutupa kwa m'njiramo ngati munthu akupopera tsiku lililonse, ngakhale pamene akumva bwino. Imeneyi pa sitoloyi imapezeka mwa apo ndi apo, ndipo kawiri konse ndauzidwa kuti ndidikire mpaka katundu atsike kuchokera ku Blantyre. Ikapezekanso mtengo wake umaposa wa yabuluu, ndipo chitsikireni mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mitengo yonse iwiri sinakhazikikenso. Sindingawaimbe mlandu eni sitolo pa za kwacha, koma akanatha kusunga zochepa za ife amene amatidziwa kuti timabwera mwezi ndi mwezi.

Ine ndili pa ntchito yolandira pamwezi, choncho ndimadzikoka n'kugula. Koma ndaonapo amayi ochokera kumidzi ya kutsidya kwa Shire, atalipira kale bwato ndi kabaza, akufunsa mtengo wa inhela n'kubwerera ndi mapiritsi a masiku atatu. Ana awo ndi amene amajomba kusukulu, ndipo ndi omwewo amene amafika kuchipatala usiku ali wefuwefu, n'kukagonekedwa pa okisijeni chifukwa cha matenda amene akanatetezeka kunyumba. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linati mu 2019 mphumu inapha anthu 455,000 padziko lonse, ambiri a iwo m'mayiko osauka, ndipo nditakhala kangapo pa benchi ya pa sitoloyi chiwerengerocho sichikundidabwitsa.

Amene ali pakati pa Chikwawa ndi Ngabu angathe kuidalira sitoloyi pa inhela yabuluu ndi pa malangizo. Yabulauniyo ine ndayamba kuitanitsiratu kukatsala milungu iwiri kuti ya mwana wanga ithe.