Njere za Campanula carpatica 'Blue Clips': Mbewu Yabwino, Malangizo Operewera

Campanula carpatica ndi duwa lochokera ku mapiri a Carpathian ku Ulaya, ndipo mtundu wa 'Blue Clips' umakondedwa chifukwa chakuti sutalika, umangofika masentimita pafupifupi 20, n'kudzaza maluwa abuluu ooneka ngati timabelu toyang'ana kumwamba. Njere zimene ndinagula zinamera bwino ndithu, ndipo maluwa ake anatuluka ofanana ndi a pachithunzi, zomwe sizichitika kawirikawiri ndi mbewu za m'mapaketi.

Chimene sindinakhutire nacho ndi malangizo olembedwa kuseri kwa paketi, omwe amangonena kuti mufese ndi kuthirira basi. Njerezi ndi zazing'ono ngati fumbi, ndipo zimafuna kuwala kuti zimere, choncho amene angazikwirire ndi dothi monga achitira ndi mbewu zina adzadikira mpaka kutopa, kenako n'kumadandaula kuti anamugulitsa njere zakufa. Zimangofunika kuziwaza pamwamba pa dothi lonyowa la panazale, kuzitsindira pang'ono ndi chikhatho, ndi kuthirira mopopera kuti madzi asazikokolole. Pamalo ozizira bwino, pafupifupi madigiri 18 mpaka 20, timasamba toyamba timaoneka pakatha milungu iwiri kapena itatu, ndipo timakhala tating'ono kwambiri moti wosadziwa akhoza kutizula poyesa udzu.

Paketiyo sinenanso za adani awiri a duwali. Woyamba ndi madzi odikha: mizu yake imaola msanga m'dothi lamakande, motero ndi bwino kusakaniza dothilo ndi mchenga kapena timiyala musanawokere mbande. Wachiwiri ndi nkhono, makamaka zopanda chigoba zija, zomwe usiku umodzi wokha zimatha kumwetula masamba anthete n'kusiya timapesi tokhatokha ndi mkukuluzi wonyezimira padothi. Kumadera otentha duwali limafunanso mthunzi wa masana, pakuti kutentha kophatikizana ndi chinyezi kumalifooketsa.

Ogulitsa amalemba kuti ndi duwa losatha, ndipo sakunama, popeza limaphukanso chaka ndi chaka kuchokera patsinde lomwelo. Komabe silikhala zaka zambiri likangosiyidwa, koma mukamagawa tsindelo pakapita zaka ziwiri kapena zitatu limakhalabe lamphamvu. Kudula maluwa ofota kumathandiza kuti ena apitirize kutuluka, ngakhale kuti ntchitoyi ndi yotopetsa poti maluwawo ndi ambirimbiri.

Ubwino wake wina ndi woti silifalikira ngati mnzake Campanula rapunculoides, amene mizu yake imayanga pansi n'kulanda bedi lonse. Kwa munthu amene ali ndi malo osadikha madzi, m'mphepete mwa bedi, pakati pa miyala kapena mumphika, njerezi ndi zoyenera kugula, koma wofuna maluwa ochuluka chaka choyamba chomwecho angachite bwino kugula mbande zomerameratu.